Kudambo kwa Che Shaibu

Chaka chomwe othawa nkhondo ya ku Mozambiki adadzaza Katuli, Che Shaibu adapatsa Davide, mmodzi wa othawawo, malo kudambo, kumunsi kwa chitunda chomwe iwo ankakhalapo, ndipo panalibe munthu yemwe sadamve za mphatsoyo. Mu Juni, khanda la Davide litayamba kutsokomola, iye adakwera chitundacho mamawa, chipewa chili m'manja.

"Bambo, ndabwera kudzapempha. Mundilole ndisamutsire kanyumba kanga kuno kumtunda, pafupi ndi khola."

"Pafupi ndi mbuzi? Kumunsi kuja kwatani?"

"Kukuzizira. Mwana sakugona."

Che Shaibu adaika kapu ya tiyi pansi. "Mphwanga, udafikako ku Dedza? Kumapiri ndiko kumazizira. Kumunsi kumatentha. Zimenezi ngakhale mwana amazidziwa."

"Ku Dedza sindidafikeko. Kudambo ndiko ndafika."

"Chabwino. Masana kwanuko sikutentha kuposa kuno?"

"Kumatentha."

"Ehee!"

"Koma masana sitigona."

Mkuluyo adakanda ndevu. Davide adapitiriza, maso ali pa chipewa.

"Dzuwa likalowa, mphepo yozizira imatsika chitundachi ngati madzi, nkudzakhazikika pakhomo panga. Utsi sukwera, umangoyalana m'mawondo. M'mawa udzu uli mbuu."

"Imatsika chitunda changa? Ndiye ukuti ndimakutumizira ndine?"

"Woitumiza sindidamuone. Ine ndimangolandira."

"Aaa, iwe! Si dzana lomweli unandiuza kuti mwagona bwino?"

"Dzana kunali mitambo. Kukakhala mitambo, kapena mwera ukamawomba, kumunsi ndi kuno n'chimodzimodzi. Zimavuta kukakhala nyenyezi zokhazokha, kuli zii."

"Basitu! Mlandu ndi wa nyenyezi, si wa malo anga."

"Eya. Koma nyenyezi sindingazisamutse. Kanyumba ndingathe."

Che Shaibu adaimirira, adakonza mkanjo, nakhalanso pansi.

"Ndidauza mzikiti wonse kuti ndakupatsa malo ofunda kuposa anga. Lero anthu azinena kuti Shaibu wagoneka mlendo ndi mbuzi?"

"Mbuzizo sizitsokomola."

"Zili ndi ubweya!"

"Zili nawo. Koma madzulo zimakwerabe kuno."

"Tsopano ukundiyerekeza ndi mbuzi?"

"Ayi, bambo. Mbuzi zidagonako kudambo. Inu simunagoneko."

Apa mkuluyo adapsa mtima zenizeni. Anali munthu wabwino, wopatsa mosayang'ana nkhope, koma kugonja pa mkangano kunkamuwawa kuposa dzino lobowoka.

"Walahi, ndikulumbira! Kuyambira lero ndizikagona ine kudamboko. Iwe, mkazi wako ndi mwana mugone m'nyumba mwanga muno, mukumve kuzizira kwenikweni kwa pamtunda. Ndipo sindibwereranso kudzagona kuno mpaka unene ndi pakamwa pako kuti kumunsi n'kofunda!"

"Mwalumbira, bambo?"

"Ndalumbira. Mwanamvua, wamva?"

"Ndamva," adayankha mkazi wawo kuseri kwa nyumba, osasiya kupeta mpunga. "Ine ndiye musandiwerengere. Ndizigona kukhitchini."

Davide adavala chipewa chake. Adapita m'mphepete mwa chitunda, naika manja kukamwa, naitana mkazi wake Ana.

"Ana! Bwera naye mwanayo! Bulangeti la chithandizo lija ulisiye pamphasa, abambo alifuna!"

"Sindilifuna!"

"Ulisiyebe!"

Kumunsi kudaoneka mayi akutuluka m'kanyumba ka udzu, khanda lili kumsana, mphika uli pamutu. Che Shaibu adayang'ana kudambo, komwe nkhungu inali isanachoke ngakhale pamtunda dzuwa linali litawala kale. Kenako adayang'ana kumwamba. Kunalibe mtambo ngakhale umodzi.

"Tsono, mphwanga," adatero, mawu atatsikako pang'ono, "mawu aja udzanena liti? Mawa?"

"Ine sindinama, bambo. Ndidzanena tsiku lomwe zidzakhale zoona."

"Liti limenelo?"

Davide naye adayang'ana kumwamba, naganiza mofatsa.

"Mu Okutobala."