Amuna Amene Kompyuta Yatsopano Inawameza

Okondedwa anga mwa Khristu, makamaka inu a mphakati wathu wa ku Luangwa kuno ku Kitwe, ndikupatsani moni nonse. Ambiri mwa inu munandiona chaka chija nditabwerera ku Kitwe ndili wowonda, ndipo munachita ulemu osandifunsa. Lero ndinena ndekha. Ndinachotsedwa ntchito pa mlandu umene sindinapalamule, ndipo amene anandisenzetsa mlanduwo ndi munthu amene ndinkamutcha bambo.

Makolo anga anamwalira ndili wamng'ono. Anandilera ndi agogo, amene anabwera kuno kuchokera ku Katete nthawi ya ufulu, potsatira amuna awo ku migodi. Ndinakula wosakonda kulankhula, wongopenya. Ntchito anandipezera ndi a Sakala, mnzawo wa malemu bambo anga, amenenso anandiimirira pa ubatizo. Iwo anali mkulu wa ofesi ya kaundula pa fakitale ina yosungunula zitsulo ku Heavy Industrial Area, ku Ndola. Ine ndinkalowetsa mu kompyuta zotsatira za ku kiliniki ya pafakitalepo, poti aliyense wogwira ntchito m'fumbi ankayezedwa mapapo chaka ndi chaka.

Mtengo wa kopa, chitsulo cha m'migodi yathu, utakweranso, fakitale inalemba anthu ambiri, ndipo pulogalamu yakale yosungira mayina inayamba kulephera. Mabwana anagula ina, natipatsa sabata imodzi kuti tisamutsire zonse m'yatsopanoyo.

Vuto ndinaliona Lachitatu. Pulogalamu yakale inkasiyanitsa anthu ndi nambala ya khadi lawo. Yatsopanoyo inkayang'ana dzina ndi tsiku lobadwa, ndipo ikapeza awiri ofanana inkafunsa ngati ichotse mmodzi. Koma inu mukudziwa mmene zilili kwathu. Madoda ambiri sadziwa tsiku limene anabadwa, ndipo makalaliki akale ankangowalembera 1 Januwale onse. Mayina athu a kummawa nawonso ndi omwewo: Phiri, Banda, Mwale, kuwonjezapo Yosefe kapena Petulo wa pa ubatizo. Amuna osiyana midzi, osiyana matenda, anaoneka ngati munthu mmodzi wolembedwa kawiri.

Ndinawauza a Sakala kuti tiyambe taona makadi a pepala a ku kiliniki limodzilimodzi. Anaseka.

"Iwe Ezelina, wayamba liti kuphunzitsa bambo ako ntchito? Makinawa anapanga ndi anthu ophunzira. Zotsalazo ndisiyire ine."

Lachisanu anandituma m'tauni kukatenga mapepala a pirinta. Pobwera ndinapeza ntchito yatha, mabwana akuwayamikira, ndipo kompyuta yakale anali ataifufuta kale.

Patapita mwezi, zinaphulika. Panali a Yosefe Phiri awiri. Wa ku Chadiza, amene mapapo ake anali abwino, anauzidwa kuti sayeneranso kugwira ntchito pa ng'anjo ndipo anaimitsidwa. Wa ku Petauke, amene dokotala analamula kuti achotsedwe m'fumbi, anasiyidwa pomwepo mpaka anakomoka pantchito.

Manijala anatiitana tonse awiri. A Sakala anayamba ndiwo kulankhula.

"Bwana, mtsikanayu ndinamuchenjeza kuti asamale ndi mayina ofanana. Ndi mwana wamasiye, ndinamutenga mwachifundo chabe. Mwina kulakwa kwanga ndi kumeneko."

Mawu anga omwe, chenjezo langa lomwe, analitembenuza kukhala lawo. Ndinayang'ana nkhope yawo, iwo ankayang'ana wotchi yapakhoma. Manijala atandifunsa ngati ndili ndi chonena, ndinangotambasula dzanja kulandira kalata yondichotsa ntchito. Ndinatuluka pageti nditanyamula kalatayo, amuna a pa ng'anjo akundiloza kuti ndi uyo wafuna kupha mnzathu.

Chimene chinandipweteka koposa chinachitika kuno ku Luangwa. Lamulungu lina a Sakala anabwera kudzaona agogo, atanyamula shuga ndi sopo. Anakhala pampando wa malemu agogo aamuna nati, "Amayi, ndinayesetsa kumuteteza mwanayu, koma zinakanika." Agogo, ndi mawondo awo otupa aja, anagwada kuwathokoza. Ine ndinaimirira pakhomo la khitchini ndikuonerera. Nditawauza zoona pambuyo pake, agogo anangoti, "Munthu amene anakunyamula pa ubatizo angakuchite zimenezo?" Apo ndinadziwa kuti ndatsala ndekha.

Ndinasiya kupita kutchalitchi. Korona ndinaiika pansi pa sutikesi. Miyezi iwiri pemphero langa linali limodzi, ndipo ndinkalinena mokwiya: Ambuye, Inu munalipo Lachisanu lija, munaona.

Loweruka lina masana, panaima mayi pageti atasenza katoni. Anali Sisitala Chanda, namwino wa pakiliniki ija, Mbemba, wa Mboni za Yehova. Zaka zonse sitinkapitirira pa moni. Anakwera minibasi kuchokera ku Ndola, nafunsa nyumba ndi nyumba mpaka anandipeza.

Anandiuza kuti a Sakala analamula kuti makadi onse a pepala awotchedwe, poti zonse zili mu kompyuta. Sisitala anakana mumtima, chifukwa khadi la wodwala saliwotcha munthu ali moyo, ndipo anawabisa m'kabati ya mankhwala. Sabata imeneyo, pofufuza khadi lina, anapeza pakati pa makadiwo mapepala amene pulogalamu yatsopano inasindikiza Lachisanu lija: mndandanda wa mayina ofanana. Pamwamba pake panali malemba a cholembera chofiira olamula kuti onse achotsedwe, ndi siginecha ya a Sakala. Zimenezi ndi zimene anasenza m'katoni muja.

"Samba kumaso, mwana iwe," anatero m'Chinyanja chawo chopindika. "Lolemba 8 koloko tikalowa limodzi kwa manijala. Ukapanda kulankhula, ndikutsina."

Sanafunike kunditsina. Ndinalankhula, ndipo manijala anawerenga mapepalawo kawiri. Ndinabwezeredwa pantchito. Masabata atatu ndinakhala ndi Sisitala Chanda tikulowetsanso munthu aliyense kuchokera pa khadi lake, ndipo ndinawonjezera malo olembapo mudzi ndi mfumu ya kwawo. A Yosefe a ku Chadiza anabwerera pa ng'anjo. A ku Petauke anapita kumudzi, mapapo awo sanabwererenso mwakale. A Sakala anachoka osanditsanzika, ndipo mpaka lero sanapepese.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha kudzera mwa mayi wa mpingo wina ndi mtundu wina, pamene wa kwathu ndi wa mpingo wanga anandigulitsa. Inu amene mwanamiziridwa ndipo mulibe mboni, musaleke kupemphera, ngakhale pemphero lanu likhale lalifupi ndi lowawa ngati langa. Amamva ndithu. Ine dzina langa linayera, koma kukhululuka sindinafike nako kumapeto. Pamenepo ndi pamene ndikupempha kuti mundipempherere.