Mfumu Yokana Epuloni

M'mawa wotsatira mwambo wopereka mphoto za masewero oyimba, ndinapeza a Tak Byeong-ho ataima pakati pa kalesitilanti ka akazi awo ku Daehangno, dera la nyumba za masewero, akadali mu suti yadzulo, manja atabisa kumbuyo ngati mwana wokana jekeseni. Pa Chaka Chatsopano bamboyu analumbira pamaso pa tonse odya pamenepo kuti akaphonya mphoto chaka chino atsika pa siteji n'kudzathandiza kuphika supu, ndiye akazi awo a Sun-ja anali ataima patsogolo pawo, epuloni ili m'manja.

"Weramani ndikuvekeni, bambo a Miran. Mwaluza."

"Mawu amenewo ndi aakulu, mayi a Miran. Sindinaluze. Zangochitika kuti wina wawina."

"Ma Jin-gu."

"Musamutchule m'mawa uno. Ine ndi iyeyo timasewera mfumu imodzi. Iye Lachiwiri, ine Lachitatu, iye Lachinayi, ine Lachisanu. Nyimbo zomwezo, chisoti chomwecho. Ndevu ndimazimata zikadali ndi thukuta lake. Ndiye akawina iye, mfumuyo sinawine?"

"Yawina ya Lachiwiri."

A Tak anapumira m'mwamba, mpweya wautali wa munthu woyimba.

"Chabwino. Vuto ndi anthu amene anandiika nawo pampikisano. Tiyerekeze kuti Ma anathyoka mwendo."

"Mayo ine," anatero a Sun-ja, akutsitsa epuloni. "Liti? Dzulo pa TV amayenda bwinobwino."

"Sanathyoke."

"Ali chipatala chiti? Timutengere zipatso."

"Ndati tiyerekeze. Muuthyole m'mutu mwanumo."

Mayiwo anatsinzina, nkhope n'kuichita tsinya. "Ndathyola. Wakumanzere. Akulira."

"Msiyeni alire. Tsopano Ma palibe. Mphoto ipita kwa ndani?"

"Kwa Bong, kamnyamata kovina kaja."

"Bong? Uja amayimba ngati? Amangomasula mabatani a malaya, atsikana n'kumakuwa."

"Ndinakuwa nawo."

"Munapitako inu?"

"Miran anandigulira tikiti. Ndikanataya?"

"Ameneyo apite ku usilikali. Msinkhu wake wakwana, kuno mnyamata aliyense amapita."

"Anapita kale. Wabwera chaka chathachi."

"Apitenso."

"Kawiri? Kwabuka nkhondo?" A Sun-ja anayamba kufufuza foni m'thumba. "Ndimuuze Miran agule mpunga ndi madzi, masitolo asanadzaze."

"Kulibe nkhondo, mayi inu."

"Nanga amuitaniranji?"

"Ndamuitana ine."

"Ndinu ndani ku usilikaliko? Inu si munali wosenda mbatata?"

"Ndinali wa gulu loyimba. Mbatata zinali za masana okha." Anakonza kolala. "Bong wapita. Watsala ndani?"

"A Eom."

"A Eom akalamba. Apume."

A Sun-ja anagwira pakamwa. "Apume kotani? Munthu anabwera pa ukwati wathu, anakuphunzitsani kuima pa siteji, lero mukuti apume?"

"Sindinawaphe. Apite kuchilumba cha Jeju azikawedza nsomba."

"Amasanza m'boti."

"Aziwedza ali kumtunda."

"Ndi bondo lija? Pamiyala?"

"Muwapatse mpando."

Mayiwo anatsinzinanso, n'kugwedeza mutu. "Akhala. Koma sakusangalala."

"Zawo zimenezo. Tsopano yang'anani bwino pamzere wa opikisanawo. Mukuona ndani?"

"Inu nokha."

"Eya." A Tak anatulutsa chifuwa, n'kutiyang'ana ife odya ngati tiombe m'manja. Sitinaombe, tinali ndi masupuni.

"Koma dikirani," anatero a Sun-ja. "Ma ali m'chipatala. Masiku ake akuyimba ndani?"

"Ine, nanga ndani?"

"Sabata yonse? Ndi kawiri ka Loweruka komwe?"

"Ndi komwe."

"Ndiye mwaluzanso. Inu mukayimba masiku atatu otsatizana mawu amatha. Ulendo uja Ma anadwala chimfine, pofika Lachisanu mfumu inkalira ngati chitseko cha kubafa. Ndinakuwiritsirani uchi ndi jinja mpaka botolo linatha. Oweruza akanamva zimenezo bwenzi atanena kuti chaka chino wowina palibe."

"Tiyerekeze kuti mawu sanathe."

"Ndiye tayerekeza munthu wina. Akawina ameneyo mphoto ndi yake, inu muvala epuloni."

"Ndi ine ndemwe, koma wa mawu osatha."

"Sindimudziwa. Ndi wokwatira?"

Apa a Tak anakhala pampando. Suti ija inawakulira mwadzidzidzi, ndipo mawu aufumu aja anawasiya.

"Mayi a Miran, ndikuopa. Ndinalowa ntchito imeneyi tsitsi lili lakuda. Ndikavula chisoti chija, ndine ndani?"

"Ndinu Tak Byeong-ho."

"Si zimenezo."

"Mwamuna wanga. Mukufuna kukhalanso ndani? Inenso ndikuopa. Dokotala anati mikono iyi isanyamulenso mphika wa mafupa, koma mphikawo sudziwa zimenezo."

Kunena zoona ndinawamvera chisoni onse awiri, mpaka supu yanga inazizira. A Sun-ja anawayang'ana amuna awo kanthawi, kenako anakoleka epuloni pa mpando.

"Chabwino. Mwawina."

"Eti?"

"Ma wathyoka, Bong ali ku usilikali, a Eom akuwedza mokwiya, mawu mwabwereka kwa munthu amene sindimudziwa. Mwawina. Nachi chikho chanu." Anawapatsa chipande chotungira supu. "Owina amalankhula."

"Pano?"

"Nanga Ma analankhulira kunyumba?"

Musaganize kuti a Tak anachita manyazi. Mawu amenewa akhala akuwakonza kubafa kwa zaka zambiri, anthu a nyumba yoyandikana nawo anawaloweza. Anaimirira, chipande pachifuwa, n'kuwerama mpaka tsitsi kutsala pang'ono kulowa m'mbale yanga ya kimchi, kabichi wa tsabola.

"Sindinayembekezere," anayamba motero. "Ndithu sindinakonzeke. Ndikuthokoza oweruza, ndikuthokoza anzanga amene ndimapikisana nawo..."

"Ali m'chipatala," anatero a Sun-ja.

"Osandidula. Koma mphoto iyi si yanga. Ndi ya mkazi wanga, amene wakhala akuwiritsa mafupa zaka zonsezi kuti ine ndiziyimba. Mayi a Miran, mwavutika." Misozi inatsika, yeniyeni, yonyowetsa kolala. "Lero ndafika pamwamba. Palibenso chimene ndikufuna pa siteji. Masiku anga otsala ndi anu. Chilichonse munganene, ndichita."

Ulendo uno tinaomba m'manja. A Sun-ja anapukuta diso ndi kuseri kwa dzanja.

"Anyezi ali m'thumba kuseriko."

"Aa, iyayi. Amenewo ndi mawu a pamwambo. Aliyense amanena choncho. Ma ananenanso dzulo."

"Za Ma adziwa ndi mkazi wake. Inu mwawina, ndipo mwati masiku otsala ndi anga."

"Kunali kuyerekeza."

"Misozi ija inalinso yoyerekeza?"

"Misozi inali yeniyeni, koma kuwinako ayi."

"Mwawina. Chikho muli nacho m'manja."

"Ichi ndi chipande. Chikununkha adyo."

"Musadzichepetse, bambo a Miran. Anthu onsewa aona mukulandira."

"Aona chiyani? Mwendo wa Ma uli bwinobwino. Bong ali kwawo akumasula mabatani. A Eom sadziwa n'kugwira mbedza komwe." Anatembenukira kwa ife, chipande chili m'mwamba. "Auzeni inu, si munaonera TV? Anatchula dzina langa? Ine ndinangoomba m'manja mpaka zikhatho kutentha. Ndaluza ine. Dziko lonse linaona. Ndaluza!"

"Mwatero nokha," anatero a Sun-ja, akuwakoleka epuloni pamwamba pa suti n'kumanga mfundo kumsana. "Yambani anyezi misozi ikadalipo."