Gemu ya Ankhoswe

— Halo?

— Halo, Dumisani? Ndi Dumi ameneyu?

— Ndi yemweyo. Ndani?

— Aa, ndani bwanji, nambala yanga unafufuta? Ndine Harun. Harun wa mafoni, ku Biwi.

— Oo. A Harun.

— Zikuyenda, aise?

— Zikuyenda. Kaya inu.

— Ife tilipo, Mulungu akusunga. Ku Area 23 mwaswera bwanji?

— Taswera.

— Kuntchito? Anthu akubwerabe kudzatayipitsa makalata?

— Akubwera, magetsi akakhalapo.

— Alamu ali bwanji? Ana?

— Ali bwino onse. Kaya alamu anga a Zaituni.

— Ali ku Mangochi kwa mayi ake. Akudikira, masiku ayandikira.

— Mulungu awaone.

— Amina. Nanga Amayi? Mwendo uja unasiya kutupa?

— Mwati chiyani?

— Ndati Amayi. Halo? Netiweki yakoyo ikudula. Ndimafunsa za Amayi.

— Ndamva. Za Amayi musandifunse. Nenani chimene mwaimbira, mayunitsi ndi anu.

— Ee, koma lero. Wakuputa ndani? Ndi "a Harun" wakoyo, ngati ukuyankhula ndi landilodi.

— Nena, Harun.

— Chabwino. Ukukumbuka masidi aja unandikopera? Magemu a filimu yathu ija ya pa TV Lachisanu, ya chombo chonyamula mbewu m'mlengalenga, chofunafuna dziko loti akadzale?

— Wandiimbira nkhani ya magemu.

— Dikira kaye. Ndikufuna ndivomere kuti unkanena zoona. Gemu ya kaputeni ija ndi yabwino kuposa ya mfuti.

— Iweyo ukutero?

— Ine ndemwe.

— Iwe amene unkaitcha gemu ya ankhoswe? Unkati munthu wanzeru zake sangakhale pa kompyuta masana onse kumamvera anthu a mitu ngati maungu akukambirana za malire a munda.

— Ndinali mwana.

— Chaka chatha chomwechi.

— Munthu amakula msanga, aise. Ya mfuti ija ndi phokoso basi. Kungothamanga m'makonde a chombo, mdima uli bii, zilombo zikutuluka m'mapaipi, ukangophethira wafa. Muli nzeru yanji mmenemo?

— Koma iwe sunkaphethira. Levulo ya m'nkhokwe ya mbewu ija, ine ndinafa mpaka ndinathyola mausi. Iwe unaidutsa dzanja lina lili pa chinangwa.

— Chinangwa cha Amayi, chothira tsabola.

— Usandisokoneze. Ndikuti ya mfuti ili ndi zake. Zithunzi zake n'zokongola. Pamene chitseko chachikulu chimatseguka, nyenyezi zonse n'kuonekera panja, ngakhale ine wosaikonda ndinkaima kaye n'kumangoyang'ana.

— Eya. Pamenepo ndiye pokongola.

— Ya kaputeni anthu ake ndi ouma ngati zidole za m'shopu ya zovala. Pakamwa pokha m'pamene pamagwedera.

— Taona, lero ukuinyoza gemu yako yomwe.

— Sindikuinyoza. Ndikudabwa nawe.

— Bola tigwirizane pa imodzi: ya tindege tampikisano ija ndi zinyalala.

— Ija anangomatapo dzina la filimu kuti atibere.

— Waona, tagwirizana. Ndiye tamvera za ya kaputeni. Imakudikira, Dumi. Ukhoza kuisiya, kupita kukaswali, kubwerako, upeza mfumu ya dziko louma ija idakali chiimire, ikudikira yankho lako. Sikuthamangitsa. Komanso imayankhula. Aliyense ali ndi mawu akeake. Mayi wa mainjini uja ndimamudziwa asanamalize liwu loyamba, amayankhula ngati ali ndi chimfine. Wa wailesi uja amameza mawu. Ndimakweza sipika, n'kukhala phee, ndimamva ngati ndili momwemo.

— Zimenezi ndinakuuza kalekale, unkandiseka.

— Ndiye ndikuti unapambana. Tsopano undithandize pamodzi pokha. Ndakanirira. Mfumu ija ikafunsa chifukwa chimene tatera m'dziko lake osaodira, pansi pamabwera mayankho. Loyenera ndi liti?

— Lopepesa.

— Eya, koma limakhala pati? Pamwamba, pakati, kapena pansi?

— Lilibe malo. Amawasinthasintha ukayambiranso.

— Oo. N'chifukwa chake.

— Chifukwa chake chiyani?

— Ndimadina lapakati nthawi zonse. Tsiku lina mfumu inanditsegulira chitsime. Kuyambira pamenepo ndikadina, akungowombera chombo, mbewu zonse phulusa.

— Ndiye umangodina osawerenga? Werenga, chizungu umachidziwa kuposa ine.

— Sikirini yachita chifunga.

— Sikirini imene ija ndinakupatsa ndine. Ilibe vuto.

— Mwina fumbi la ku Biwi. Halo? Dumi? Ukumveka patali.

— Ndili pompano. Harun, tandimvera. Ndakhala ndikukuyankha ngati chitsiru, ndimvekere mwina akuzungulira chabe, afika. Nditamva mawu ako ndimayesa waimba kuti upepese. Mtima unayamba kutsika. Ndiye iwe ukundifunsa za mfumu ya m'kompyuta.

— Ndipepese chiyani? Ngati ndi kusowa kwangaku, ndi zoona, sindinabwere kwanu nthawi yaitali, koma...

— Usandiyese mwana.

— Sindikukuyesa mwana. Ndalakwa chiyani?

— Amayi tinawaika ku Dowa mwezi watha, iwe ukundifunsa za mwendo wawo.

— Ati?

— Wamva.

— Amayi ake a ndani?

— Harun.

— Innalillahi. Ayi, Dumi. Ayi. Amayi?

— Ndinakutumizira meseji m'mawa womwe anatisiya, iwe woyamba, ndisanauze ndi amalume omwe. Sunayankhe. Ndinati mwina foni yathima. Ndinatumizanso ya ulendo wa kumudzi. Zii. A tcheya a mpingo anandifunsa, mnzako wachisilamu uja ali kuti, amene mayi ako ankamutcha mwana wawo wachiwiri? Ndinanama, ndinati ali ku Mangochi. Koma zimenezo ndikanaiwala. Chimene chikundiwawa mpaka lero ndi cha pamsewu.

— Pamsewu pati?

— Lole ya maliro inadutsa pa Biwi, pa benchi yako yokonzera mafoni yeniyeniyo. Inkayenda pang'onopang'ono chifukwa cha maminibasi. Ine ndinali kumbuyo, nditagwira bokosi kuti lisagwedere. Anthu onse anaimirira, iwenso unaimirira. Unandiyang'ana m'maso, Harun. Ndinakweza dzanja. Unandiyang'ana mpaka lole inadutsa, n'kukhalanso pansi pa benchi yako.

— Kunkawaza kamvula.

— Ndiye ukukumbuka.

— Amayi a Chigwirizano ankaimba. Mmodzi anali ndi mawu okwera kuposa anzake, ankatsogola.

— Anali azakhali anga.

— Ndinaimirira chifukwa ndinamva nyimbo. Ndinati mumtima, kaya ndi ndani watisiya, Mulungu awatonthoze eni ake. Sindinadziwe kuti ndikupempherera iwe.

— Unandiyang'ana.

— Chimene ndayang'ana ndi chimene sindichiona, Dumi.

— Ukutanthauza chiyani?

— Maso anga akupita.

— Usasewere ndi zinthu zimenezo.

— Ndikanakonda kukanakhala kusewera. Linayamba ndi diso lamanzere, nthawi ya dzinja lapitalo. Pakati penipeni panabwera kachibanga kotuwa, ngati wina wagwira galasi ndi chala cha mafuta. Ndinati ndi kutopa, timawaya ta m'mafoni n'tating'ono. Kenako lamanja. Pano m'mbalimu ndimaona pang'ono, ndimadziwa kuti apa padutsa munthu, apo pali minibasi. Koma ndikati ndimuyang'ane munthuyo nkhope, palibe. Pamakhala chimtambo. Ndinadziwira pa gemu ya mfuti yomweyo. Kamtanda kolozera mfuti kaja kamakhala pakati pa sikirini. Tsiku lina ndinakafunafuna, osakapeza. Zilombo zinkandidya ndikungozimva kulira.

— Mayo ine. Kuchipatala unapita?

— Ndinapita. Anandiunika, anandithira mankhwala, anaitanizana. Akuti mitsempha ya kumbuyo kwa maso ikufota. Magalasi sangathandize. Akuti ndipitenso, koma mmene ankayankhulira muja, ndinamva ndekha.

— Nanga mameseji anga?

— Ali momwemu. Foni ikalira kawiri ndimadziwa kuti yalowa meseji, ndimangoiyika m'thumba. Alimo ambiri. Sindikudziwa kuti muli maliro angati.

— Bwanji osapempha munthu akuwerengere?

— Ndani? Pa Biwi? Ndikangopempha mmodzi, pofika madzulo siteji yonse yadziwa kuti wokonza mafoni saona. Ndani angabweretsenso foni yake? Pano ndimalandira, ndimaigwiragwira ngati ndikuiyeza, ndimati mubwere mawa. Akachoka ndimapititsa kwa Yakubu wa kuseri kwa msika, amakonza, timagawana. Yakubu amayesa ntchito yandichulukira.

— Nanga mayunitsi awa walowetsa bwanji?

— Ndawauza mayi ogulitsa kuti m'manja muli girisi, andilowetsere. Nambala yako chala chimaidziwa chokha.

— Zaituni akudziwa?

— Ayi. Ali ndi pakati potopa, ndimuuze zimenezi ali kutali? Ndimaopa, Dumi. Ndikunena mosabisa, ndimaopa. Ndimaganiza za mwanayo, kuti adzandipatsa m'manja, anthu n'kumati wafanana ndi bambo ake, ine n'kumangovomera.

— Ndiye wakhala wekha m'nyumbamo nthawi yonseyi.

— Ine ndi kaputeni wako. Ndikaweruka ndimatseka chitseko, n'kuyatsa kompyuta. Ndi anthu okhawo amene amandiyankhula osayembekezera kuti ndiwazindikire nkhope. Lero ndinati ndimuimbire Dumi, ndiyambire pa gemu, mwina pakamwa patseguka. Sindinadziwe kuti ndikuimbira nyumba ya maliro.

— Ine ndinakutukwana mumtima, Harun. Mwezi wonse. Nambala yako ndinafufutadi.

— Unayenera. Ndikanakhala ine ndikanachita chimodzimodzi. Anadwala nthawi yaitali?

— Ayi. Mwendo womwe uja. Unatupa mpaka m'ntchafu, kenako anayamba kubanika. Tinawatengera kuchipatala Loweruka, Lolemba m'mawa anatisiya.

— Anavutika?

— Pang'ono. Ankayankhula mpaka Lamulungu. Anakufunsa.

— Usatero.

— Anakufunsa. Anati tambala wofiira uja musamuphe, mudikire Harun adzazinge yekha, apo ayi sadzadya nawo.

— Nthawi zonse ankatero. Nkhuku ya m'nyumba ya Akhristu kumadikira Msilamu wa ku Biwi.

— Ankati mwana sangamakhale pa mphasa anzake akudya, iye n'kumatafuna masamba.

— Ndipo gemu ya mfuti ankadana nayo. Ukukumbuka? Ankaima pakhomo la chipinda chako, amvekere, zimitsani nkhondoyo, ikani ija ya anthu okambirana.

— Ankati kaputeni uja analeredwa bwino, amayamba wapereka moni.

— Ndiye anali mbali yako. Munali awiri, ine ndekha.

— Pano wabwera mbali yathu mochedwa.

— Mochedwa zedi. Tambalayo alipo?

— Pamaliro anafuna kumupha, ndinakaniza. Sindikudziwa chifukwa chake, pakuti ndinali nditakukwiyira. Alipo, akusokosera anthu m'mawa uliwonse.

— Dumi, pepa. Pepa kwambiri, m'bale wanga. Sindinagwire nawo bokosi, sindinaponye ndi dothi lomwe. Ndinaimirira pamsewu ngati mlendo.

— Unaimirira. Basi, unaimirira.

— Undiperekeze ku Dowa. Ndikaone pamene agona, m'mbalimu mudakali kuwala. Ndikayang'ana kumbali ndikhoza kuona mtumbira. Ndikachedwa sindidzauonanso.

— Tipita. Koma tiyambe ndi kuchipatala, anati upitenso liti?

— Tsiku linadutsa kale. Analemba pa kakhadi, sindinathe kuwerenga.

— Iwe Harun, iwe.

— Foni yalira, mayunitsi akutha. Tamvera, yankho lija...

— Lisiye yankho. Ndibwera ndidzakuwerengere ndekha, ndi mameseji akowo, onse. Iwe uzidzadina, ine ndizidzawerenga.

— Ako awiri aja usadzawerenge.

— Amenewo ndidzawadumpha. Mawa m'mawa usapite ku benchi.

— Ndipita, ndikapanda kupita anthu adabwa. Undipeze komweko.

— Chabwino, pa benchi. Ndikwera minibasi yoyamba.

— Dumi.

— Ee?

— Ukafika uyankhule. Usadzangokweza dzanja.

— Ndidzayankhula. Ndidzakuitana ndidakali patali, wamva? Harun? Halo? Halo, Harun?