Matenti Athu Anasanduka Siwa

Okondedwa omvera, nkhani yangayi ikuchokera ku Laurel, kuno ku Amereka.

Mwezi wa Okutobala ndinaitana anzanga a ku Malawi ndi ku Zambia kuti tikagone m'matenti kunkhalango, tikachite phwando la mowa ngati la Ajeremani. Ndinagula masoseji ndi matambula akuluakulu, n'kuvala kabudula wachikopa. Anzanga anandiseka mpaka misozi.

Ndili mkati mootcha masoseji, mlongo wanga anaimba foni kuchokera kumudzi. "Achimwene, amayi atisiya."

Ndinangoti, "Chabwino," n'kupitiriza kutembenuza masoseji. Sindinalire, mumtima munangoti zii. Mapepala anga okhalira m'dziko lino sanalongosoke: ndikanapita kumaliro, sindikanabwereranso kwa ana anga kuno.

Mnzanga wa ku Chipata, yemwe anamva mawu a mlongo wanga pafonipo, anandilanda foloko. "Khalani pansi, akulu." Anazimitsa nyimbo. Popanda wowauza, azimayi anatulutsa zitenje m'zikwama, n'kulowa m'tenti imodzi kukayamba nyimbo zamaliro. Azibambo anakhala mozungulira moto. Mowa sanaukhudzenso.

Ine ndinakhala pakati pawo, ndidakali m'kabudula wachikopa uja. Kumudzi amayi anaikidwa ine kulibe. Kwa ine, maliro awo anathera pamoto umenewo.