Anamsanga ndi Njira ya M'nkhalango

Malemu amene tikuwaperekeza lero tonse timawadziwa kuti Anamsanga. Ine ndine mlongo wawo wamng'ono. Anabadwa m'chaka cha 1959, m'nyumba yomalizira ya antchito a pamacheka, imene khomo lake limayang'ana kunkhalango.

Sukulu inali kuseri kwa nkhalangoyo. Anzawo ankazungulira ndi msewu, koma iwo ankadulira kanjira ka m'mitengo akuthamanga, nsapato zili m'manja kuopa kuti zingathe. Dzina loti Anamsanga anawapatsa ndi aphunzitsi awo chifukwa cha liwiro limeneli.

Atamaliza sukulu anakwatiwa ndi alamu athu, atelala, munthu wofatsa amene sanathamangirepo ngakhale basi. Anagwira ntchito ku nazale ya mitengo mpaka kupuma. Mipikisano yothamanga mtunda wautali anapambana yambiri, koma pa mpikisano wina analuza ife tikuona: ali patsogolo anaima kuti azime chitsa chimene chinkafuka utsi, onse n'kuwadutsa. Mumpingo ankaimba kwaya, ndipo mpweya sunkawathera.

Kuba mitengo kutakula, moto n'kumabuka chaka ndi chaka, oyang'anira nkhalango anaganiza zotseka njira ija ndi chipata. Nkhawa yawo inali yomveka, koma achemwali anakana kwamtuwagalu. Anati wakuba amakonda nkhalango yopanda anthu, ndiponso mwana amene sanapondemo sadzaililira ikamadzapsa. Mapeto ake anagwirizana kuti njira ikhale ya aliyense, wothamanga, wopita kusukulu ngakhale wongofuna kupitidwa mphepo, malinga gulu la othamanga limene achemwali ankatsogolera lizilambula mzere wotchinga moto udzu usanaume. Chipata anachiika koma osachikhoma. Chaka chimene mzerewo sudzalambulidwa, chipatacho chidzakhomedwa.

Kuyambira pamenepo, wolowa m'gulu lawo ankalandira chikwanje asanalandire yunifolomu. Loweruka tinkathamanga mtunda wonse, pobwerera n'kumatchetcha. Ambiri tinkadandaula matuza, woyamba ine. Achemwali ankangoseka, amvekere njira saisunga ndi miyendo yokha.

Anayamba kudwala kumayambiriro kwa chaka chino. Tonse tinali kalikiliki kusinthana kuchipatala, ndipo mzere uja sunakhudzidwe. Titawazonda komaliza anagwira manja athu mmodzimmodzi, napeza kuti ndi osalala. Sanakalipe. Anangofunsa kuti udzu wafika pati. Funso limenelo likundiwawa mpaka pano. Anatisiya Lachiwiri m'mawa.

Abale anga, udzu wayamba kuuma. Oyang'anira nkhalango ali nafe pano ndipo alira nafe, koma pangano ndi pangano. Choncho ife abanja tikupempha chipepeso chimodzi chokha: Loweruka likubwerali tikumane pachipata, aliyense ndi chikwanje kapena khasu. Amene simungathe kutchetcha, mudzatunge madzi akumwa. Ndaona kuchuluka kwanu lero, ndipo sindikukayika: chipata chimenecho sichikhomedwa chaka chino, ngakhale chaka chamawa.

Malemu asiya amuna awo, ana aakazi awiri ndi wamwamuna mmodzi, adzukulu asanu, mng'ono wawo, ndi ine mlongo wawo.

Athamanga mokwanira. Zotchetcha atisiyire ife, iwo apumule mu mtendere.