Phokoso Lotayika la Basi ya ku Tukuyu

M'mawa umenewo ku Mbeya kunali chifunga ndi mvula yowaza. Bambo Mwambene ankadikira basi ya ku Tukuyu pa siteji, pamene dalaivala wa basiyo anaimitsa mayi wina, makaniko woyenda ndi kamakina komvera phokoso la galimoto. Mayiyo anapana timawaya pazitsulo n'kuvala zomvetsera m'makutu.

"Achimwene, basi yanu ili bwinobwino. Sindikumva kalikonse."

"Matenda ake ndi amenewo, mayi. Mnzanu wina anandichotsera phokoso dzana."

"Ndiye mukudandaula?"

"Anthu a m'midzi ankalimva ndili kuseri kwa phiri, n'kutulukira kumsewu. Pano ndikungodutsa ngati mfiti. Dzulo ndinanyamula anthu awiri ndi mbuzi. Bwana akuti lero ndikabwera wopanda anthu, ndisiye makiyi."

"Linkamveka bwanji?"

"Ngati munthu akutsokomola m'ndowa."

Injini ikulira, mayiyo analowa pansi pa basi n'kumasula nati imodzi.

"Ili?"

"Ayi, ilo ndi la basi ya dalaivala mnzanga Mwakalinga. Mukufuna anthu ake azindigenda?"

"Nanga ili?"

"Latsala pang'ono. Onjezerani chifuwa."

"Makinawa anawapanga kuti azichotsa phokoso, bambo inu."

"Nawonso aphunzire ntchito ina. Imani pomwepo. Ndi lomweli, mwana wanga wabwerera."

"Koma paipi ya utsiyi igwa musanafike ku Tukuyu."

"Ikagwa, amva mpaka ku Kyela, kupitirira Tukuyu."

Bambo Mwambene ananyamula thumba lawo la mbatata n'kukakhala mpando wakutsogolo.