Masamba a manambala amene ndinakulungira mbewu ya mpiru

Moni abale anga mwa Khristu. Ine sindine wolankhula zambiri, koma ichi ndiyenera kuchinena. Ndinatsala pang'ono kuwononga sukulu ya mwana wanga ndi manja angawa.

Ndimalima mbatatesi ndi ndiwo zamasamba kufupi ndi Kasina. Sukulu ndinalekeza sitandade 7. Mwana wanga Esinati ndiye anafika ku yunivesite, akuphunzira zauinjiniya. Chaka chachiwiri analephera phunziro limodzi la masamu. Anamulola kulembanso kamodzi kokha, akalepheranso abwerere kumudzi. Anabwera kudzawerengera kuno kutatsala masabata awiri.

Tsiku la msika ndinasowa mapepala okulungira mbewu ya mpiru, imene ndimagulitsa pang'onopang'ono ku Mayani. Patebulo panali kabuku kake. Kumapeto kwake ndinapeza masamba opanda mawu, manambala okhaokha m'mizere. Ndinaganiza kuti munthu sangawerenge zimenezo. Ndinang'amba masamba awiri n'kuwadula tizidutswa.

Pobwera kumsika ndinamupeza pakhonde, kabuku kali pamiyendo.

"Ababa, masamba a apa ali kuti?"

Ndinamuuza. Sanandikalipire. Anangoti masamu amene analephera sasoveka popanda manambala amenewo, ndipo foni yake, imene akanawapezapo, inali itafa kale. Kenako analowa m'nyumba. M'maganizo ndinaona mwana akubwerera kudzagwira khasu chifukwa cha umbuli wanga.

Kutacha ndinapita ku Misa. Pemphero langa linali lalifupi: Ambuye, wolakwa ndine, mwanayu musamutaye. Titatuluka ndinakhala pamwala ndikuyang'ana kapepala kamodzi kamene kanatsalira m'thumba. Anandipeza pomwepo a Maseko, mphunzitsi wakale wa sekondale amene pano amaweta nkhumba. Sitinkachezerana. Anafunsa chimene chandikhazika pansi, ine ndinafotokoza mosabisa.

Anabwera kwathu tsiku lomwelo. Anaona kapepala kaja, n'kuona masamba otsala m'kabuku. Anati amene ndinang'amba ndi manambala otchedwa erf, othandiza kudziwa zinthu monga mmene kutentha kumalowera m'chitsulo kapena m'dothi. Masamba otsatira anali a mnzake, erfc, ndipo amenewo sindinawakhudze. Pakapepala kanga, pamzere wa 1.0, panali 0.8427. M'kabuku, pamzere womwewo, panali 0.1573.

"Bambo a Esinati, taphatikizani ziwirizi," anatero a Maseko, akundipatsa pensulo.

Ndinaphatikiza. Yankho linali 1 ndendende. Iwo anati mzere uliwonse ndi choncho, ukachotsa nambala yotsalayo pa 1 umapeza imene yatayika. Esinati anagwira pakamwa. Anati anaphunzirapo zimenezi, koma ankangoloweza osamvetsa, ndipo mantha anamuiwalitsa.

Kuchotsera ndimatha. Ndinasiya dimba masiku atatu, n'kukhala ndi kope ndi pensulo, mzere ndi mzere, mpaka masamba awiri aja anabwerera m'zolemba zanga. Pamene ine ndinkalemba, a Maseko ankamuphunzitsa mwanayo pansi pa mtengo wa pichesi, kuyambira pamene anasochera. Atayang'ana kope langa anapeza kuti ndalakwitsa mizere inayi. Ndinakonza.

Esinati anakhoza. Pano ali chaka chachitatu. Kope lija anapita nalo, akuti anzake akamabwereka amafunsa kuti analemba ndi mphunzitsi uti, iye amayankha kuti ndi bambo ake.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la mawu ochepa. Ndikuthokozanso a Maseko, amene anakana ngakhale thumba la mbatatesi. Tsopano Lamlungu lililonse timayendera limodzi pochokera kutchalitchi.

Inu amene mwalakwira mwana wanu mosadziwa, musabisale ndipo musataye mtima. Vomerani, pempherani, ndipo munthu akakufunsani chimene chakuvutani, muuzeni. Thandizo likafika, gwirani mbali imene mungathe. Ine yanga inali kuchotsera basi.